Kulowa pa geti ndi nkhani ina, kufika povala gauni ndi nkhani inanso

Pali funso lomwe anthu amandifunsa kawirikawiri akamva kuti ndakhalitsa mmakolido a yunivesite, loti kodi munthu ungadziwe bwanji kuti sukulu yomwe yalemba pa webusayiti yake kuti imalandira aliyense ikunenadi zoona. Amafunsa makolo, amafunsa achinyamata omwe akudzaza mafomu, ndipo ena amafunsa motsitsa mawu chifukwa chomwe akufuna kudziwa kwenikweni nchoti kodi mnyamata wokonda anyamata anzake kapena mtsikana wokonda atsikana anzake angakakhaleko mwamtendere kumeneko. Yankho langa silikhala lalifupi, njira zomwe mayunivesite amatsata zilipo zambiri ndipo sizilemera mofanana, zina zimangotsegula geti basi, zina ndi zomwe zimamusunga munthu mpaka amalize. Ndineneretu kuti ine mtima wanga uli pa zachiwirizi, komabe tiyambe ndi za pageti poti ndi zomwe zimasokosa kwambiri.

Njira yolimba kuposa zonse pageti ndi ya kota, kusungiratu malo. Brazil inakhazikitsa lamulo mu 2012 loti theka la malo onse mmayunivesite a boma lalikulu lizipita kwa ana omwe anaphunzira sekondale za boma, ndiye mkati mwa thekalo muli gawo la ochokera mmabanja osauka, la akuda, la a khungu losakanikirana ndi la eni nthaka omwe analipo azungu asanabwere, motengera kuchuluka kwawo mchigawo chomwe sukuluyo ili. Ku India njirayi ndi yakalekale, mmasukulu a boma lalikulu malo 15 pa 100 aliwonse ndi a mitundu yomwe kale anthu ankakana ngakhale kuikhudza, a Dalit amenewa, malo 7.5 ndi a mafuko omwe ali pa mndandanda wa boma, 27 ndi a magulu ena otsalira, kenako mu 2019 anawonjezerapo 10 a osauka omwe sali mmagulu enawo. Ubwino wa kota ngwoti zotsatira zake umaziona ndi maso, chaka chotsatiracho ukalowa mkalasi ya udokotala nkhope zasintha, suchita kudikira kuti mitima ya anthu ifewe kaye, yomwe mwina siidzafewa nkomwe.

Koma walira mvula walira matope. Choyamba ndani amene anene kuti uyu ndi wakuda uyu ayi? Ku Brazil kunapezeka anthu odzilemba mtundu womwe si wawo kuti apeze malo, mpaka mayunivesite anakhazikitsa makomiti oti azimuona munthu maso ndi maso nkugamula, zomwe kwa mwana wazaka 18 si zopepuka kuima pamaso pa anthu akukuyesa khungu ndi tsitsi. Chachiwiri, chomwe chimandipweteka ine, kota imakulowetsa koma sikuperekeza. Mu 2016 Rohith Vemula, yemwe ankachita PhD pa University of Hyderabad ndipo anali mgulu lomenyera ufulu wa a Dalit, anadzipha atachotsedwa mu hositelo limodzi ndi anzake anayi, ndalama zake za mwezi ndi mwezi zitaimitsidwanso. Dziko lomwe lili ndi malamulo amphamvu chonchija pageti, mkati mwa mpanda munthu nkukhala yekhayekha mpaka kufika pamenepo.

America inayenda njira ina. Khoti lalikulu linakana kota mu 1978 pa mlandu wa Bakke koma linalola kuti mtundu wa munthu uzikhala chimodzi mwa zinthu zambiri zoyang'ana posankha, ndipo zinayenda choncho zaka 45 mpaka pa 29 June 2023 pomwe khoti lomwelo, pa mlandu wokhudza Harvard ndi University of North Carolina, linati zimenezonso zithe. Ku California anali ataletsa kale mu 1996 mmasukulu a boma, ndipo chiwerengero cha akuda ndi a Latino, awa omwe kwawo kochokera ndi ku Latin America, pa mayunivesite a Berkeley ndi UCLA chinatsika lamulolo litangoyamba kugwira ntchito. Nde apa mukuona, njira yomwe yatsamira pa chigamulo cha khoti imatha kugwa mmawa umodzi.

Chifukwa cha zimenezi ambiri athawira ku njira inanso, yosafunsa mtundu koma kufunsa komwe wachokera. Texas kuyambira 1997 inati aliyense amene ali mgulu la 10 pa 100 okhoza bwino pasukulu yake ya sekondale ali ndi malo ku yunivesite ya boma, kaya sukuluyo ndi ya kumpanda kwa olemera kaya ya kudera losauka. Ku UK kuli zoti mwana wochokera kudera komwe ana ochepa amafika ku yunivesite, kapena yemwe anakulira mmanja mwa boma, amapatsidwa malo ndi magiredi otsikirapo pang'ono, poganizira kuti B wa mwana yemwe ankawerenga mchipinda chogona anthu asanu ndi wolemera kuposa A wa yemwe anali ndi mphunzitsi wapadera kunyumba. Njirayi ndimaikonda chifukwa imagwira mphawi wa mtundu uliwonse ndipo anthu sakwiya nayo kwambiri, koma tisanamizane, ya Texas ija imabweretsa mitundu yosiyanasiyana chifukwa choti masukulu a sekondale ndi ogawikana kale motengera madera, ndiye kuti ikudyera pa tsankho lomwelo lomwe ikufuna kuthetsa.

Tsono onani apa, njira zonse zapagetizi kwa wophunzira wa LGBTQ, dzina lomwe limaphatikiza amuna okonda amuna anzawo (gay), akazi okonda akazi anzawo (lesbian) ndi ena otero, sizimuthandiza kwenikweni. Khungu limaoneka, umphawi uli ndi mapepala, koma kuti mnyamata ndi gay palibe fomu yomwe angalembepo popanda kudziulula, ndipo ambiri pa msinkhu umenewo ngakhale mayi awo sanawauze. Mayunivesite ena a ku Brazil anasungako malo a anthu a trans, awa omwe thupi lomwe anabadwa nalo silikugwirizana ndi mmene amadzimvera kuti ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo zili ndi nzeru chifukwa ambiri mwa iwo amasiyira sukulu panjira kaamba kozunzidwa. Koma kwa ochuluka vuto silikhala polowa. Vuto limayamba usiku woyamba mu hositelo, uli mchipinda ndi munthu wosamudziwa yemwe akuseka nthabwala zonyoza anthu ngati iwe ndipo iwe ukuyenera kusankha kuseka nawo kapena kukhala chete.

Apa mpomwe pamabwera njira ya maofesi ndi malo apadera. University of Michigan inatsegula ofesi yotere mu 1971, yoyamba mdziko la America, lero imatchedwa Spectrum Center, ndipo kuchokera pamenepo masukulu ambiri ali ndi chipinda cha LGBTQ, china cha ophunzira akuda, china cha obwera kuchokera kunja. Ndinaonapo ndi maso anga mmene malo oterewa amagwirira ntchito. Panali mnyamata wina wa chaka choyamba yemwe anadutsa pa chitseko cha chipinda chotero katatu tsiku limodzi, foni ili kukhutu ngati akuyankhula ndi munthu, akafika pachitseko nkuponya diso mkati nkupitirira. Analowa patatha pafupifupi milungu iwiri, madzulo kolido itatha anthu, ndipo sanafunse chilichonse chachikulu, anangokhala pa sofa jekete osavula nkumamvetsera ena akukangana za mayeso a mawa lake. Pambuyo pake anandiuza kuti linali ola loyamba chibwerereni pomwe sanali kuwerengera mawu ake asanawatulutse. Amene sanakhalepo moyo wobisala sangamvetse kuti kutopa kumeneko nkotani, akatswiri ngati Ilan Meyer analemba kuti kukhalira tcheru nthawi zonse, kuyembekezera kukanidwa, kubisa, ndi zomwe zimadwalitsa maganizo, osati chibadwa cha munthuyo ayi.

Ndiye malo amenewa ngofunika, ndipo ndimakhumudwa ndikamva wina akuti amangogawanitsa ophunzira. Koma ali ndi zofooka ziwiri zomwe ndikufuna muzione bwino. Chitseko chokhala ndi chikwangwani chimathandiza okhawo omwe ali ndi mtima woti alowe, ndipo amene akuvutika kwambiri nthawi zambiri ndi amene sangayerekeze kuoneka pafupi nacho. Chinanso ofesi ili ndi dzina ndi bajeti yake, ndiye ndi yosavuta kuitseka. Texas inapanga lamulo lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 January 2024 loletsa maofesi oona za kusiyana kwa mitundu mmayunivesite a boma, Florida nayo inaletsa kugwiritsa ntchito ndalama za boma pa zimenezi, ndipo pa University of Texas ku Austin malo omwe ophunzira anawazolowera kwa zaka anatsekedwa, antchito nkuchotsedwa. Komanso pali maiko oposa 60 komwe malamulo amalanga amuna kapena akazi okondana okhaokha, Uganda inafika pokhwimitsa lamulo lake mu 2023, kumeneko kupachika chikwangwani chotere kuli ngati kulemba mndandanda wa anthu oti agwidwe. Njira yomwe imangogwira ntchito pomwe ndale zili bwino sungaidalire yokha.

Za maphunziro a tsiku limodzi aja, oti malekichala ndi ophunzira onse akhale mu holo kapena adine mavidiyo pa kompyuta kuti aphunzire kusasala anzawo, sinditayapo nthawi yambiri. Frank Dobbin ndi Alexandra Kalev, omwe anafufuza zimenezi mmakampani a ku America kwa zaka zambiri, anapeza kuti maphunziro okakamiza sasintha kwenikweni amene akukwezedwa pantchito ndipo nthawi zina anthu amatulukamo atakwiya, pomwe kumupatsa munthu mlangizi womuyendetsa kumasinthadi zinthu. Mayunivesite amawakonda chifukwa ngotchipa ndipo amawerengeka, anthu mwakuti anaphunzitsidwa chaka chino. Sukulu ikamanyadira zimenezi zokha ine ndimaikayikira.

Pali njira inanso yoti gulu losalidwalo likhale ndi sukulu yakeyake, ngati masukulu a akuda a ku America, Howard University yomwe inayamba mu 1867 kapena Spelman College ya atsikana akuda ya mu 1881. Kumeneko wakuda sakhala yekha mkalasi, ndipo masukulu amenewa atulutsa madokotala ndi maloya akuda ambiri kuposa kukula kwawo. Koma mkati mwa osalidwa mumakhalanso osalidwa, Spelman inalengeza mu 2017 kuti iyamba kulandira atsikana a trans, kusonyeza kuti ngakhale pamalo omwe anamangidwa ngati pothawira panali ena omwe anali akuimabe panja.

Tsopano ku zomwe ine ndimazikhulupirira ndi mtima wonse. Mzaka za mma 1970 pa Berkeley panali munthu wophunzitsa masamu dzina lake Uri Treisman yemwe anadabwa kuti bwanji ophunzira akuda anzeru, omwe anabwera ndi magiredi abwino, akulephera calculus, nthambi ina ya masamu. Anthu ankati mwina ulesi, mwina sekondale zofooka, mwina makolo osalimbikitsa. Iye anapita kukaona mmene amawerengera nkupeza kuti amalimbikira zedi koma aliyense payekha, chitseko chotseka, pomwe ophunzira achi China ankati akawerenga payekha madzulo nkukumana, kudyera limodzi uku akuonetsana pomwe alakwitsa, kufunsana kuti iwe nambala iyi unaipeza bwanji. Wowerenga yekha akakakamira pa funso amaganiza kuti vuto ndi mutu wake, wowerenga pagulu amaona kuti funsolo lavuta aliyense. Treisman anayambitsa magulu owerengera limodzi, osati ngati kalasi ya ofooka ayi koma yopatsidwa mafunso ovuta kuposa a mkalasi, ndipo ana omwe aja anayamba kukhoza. Kali kokha nkanyama, ali awiri ndi anthu, akulu sananame.

Posse Foundation, yomwe Deborah Bial anayambitsa mu 1989, inamangidwa pa nzeru yomweyi. Mnyamata wina yemwe anasiya koleji ananena kuti akanakhala ndi gulu la anzake sakanasiya, ndiye bungweli limasankha ana 10 a mzinda umodzi, kuwakonzekeretsa limodzi kwa miyezi ingapo, nkuwatumiza onse pa yunivesite imodzi ali ndi sikolashipu komanso mlangizi woti azikumana naye. Pa University of Maryland, Baltimore County pali pulogalamu ya Meyerhoff yomwe inayamba mu 1988 ndi Freeman Hrabowski, ana amabwera sukulu isanatsegulidwe kudzazolowerana, amawerenga mmagulu, amalowa mu labu msanga, ndipo ambiri apitirira mpaka PhD ya sayansi. Ngakhale kanthu kakang'ono kamathandiza, Gregory Walton ndi Geoffrey Cohen anasindikiza kafukufuku mu 2011 pomwe ophunzira a chaka choyamba anangowerenga nkhani za ophunzira omwe anawatsogolera zonena kuti nafenso poyamba tinkadziona ngati si malo athu koma zinadutsa, kenako nkulemba zawo, ndipo magiredi a ophunzira akuda anakwera kwa zaka zitatu zotsatira.

Chomwe ndimaikondera njirayi nchoti sifuna kuti munthu adziulule. Mtsikana yemwe ndi lesbian ndipo sanauze aliyense sangapite ku ofesi ija, koma gulu lowerengera chemistry apita, mlangizi wa ophunzira a chaka choyamba akumana naye, ndipo ngati mlangiziyo ndi munthu wodziwa kumvetsera ndi kusunga pakamwa, tsiku lina mwezi wachisanu nkhani ija idzatuluka yokha. Ndipo andale sangaitseke chifukwa palibe amene angaletse ana kuwerengera limodzi. Kuvuta kwake nkoti imadya nthawi ya anthu, ndipo nthawi zambiri katundu yense amagwera malekichala ochepa omwewo, wakuda mmodzi wa mdipatimenti kapena mmodzi yemwe amadziwika kuti ndi gay, ophunzira onse ovutika amathera pakhomo pake pomwe anzake akulemba mapepala okwezedwera pantchito. Sukulu yochita bwino imawerengera ntchito imeneyi ngati ntchito, kumuchepetsera makalasi kapena kumulipira.

Kenako ndalama, koma sindikunena sikolashipu zikuluzikulu zojambulitsa zithunzi. Georgia State University ku Atlanta inaona kuti semesita iliyonse ikuchotsa ophunzira ambiri, ena a chaka chomaliza, chifukwa cha ngongole ya fizi ya madola mazana ochepa chabe, ndiye mu 2011 inayamba kungowalipirira kangongoleko popanda kuwadikira kuti apemphe, ndipo ambiri mwa iwo anamaliza. Kwa wophunzira wa LGBTQ nkhani ya ndalama ili ndi mbali yake yowawa. Mafomu a ngongole ndi thandizo amafunsa zomwe makolo amapeza, tsono ngati makolowo amva za iwe nkukuuza kuti usadzapondenso pakhomo pano, pa pepala ukuonekabe mwana wa banja lopeza bwino pomwe mthumba mulibe ngakhale ya sopo. Ku UK kuli njira yoti wophunzira yemwe anadukana ndi makolo ayesedwe payekha osawerengera chuma chawo. Ndimakumbukira mtsikana wina yemwe holide itayandikira anzake akulongedza iye ankangochapa zovala zomwezomwezo kuti aoneke wotanganidwa, hositelo imatsekedwa Lachisanu ndipo analibe kolowera, anathera pa matiresi pansi mchipinda cha mnzake wa mkalasi kwa milungu itatu. Bedi limodzi losungidwa pa holide likanamuthandiza kuposa mbendera zonse za utawaleza, chizindikiro cha a LGBTQ, zomwe zinapachikidwa pa kampasi chaka chimenecho.

Pali timalamulo tina tating'onoting'ono tomwe sitidya ndalama koma timasintha tsiku la munthu. Dzina lomwe lili pa kaundula wa mkalasi, kuti lekichala akamaitana maina asatchule dzina lakale la munthu wa trans pamaso pa anthu 200. Mwayi wosintha chipinda msanga popanda kufotokozera komiti yonse chifukwa chake. Alangizi a zamaganizo omwe sangaimbire foni makolo kapena kuyamba kukulalikira. Njira yodandaulira yomwe wodandaula sathera pokhala iye woimbidwa mlandu. South Africa ndi chitsanzo chabwino cha mtunda womwe ulipo pakati pa pepala ndi moyo, malamulo ake aakulu a 1996 amaletsa kusala munthu chifukwa cha yemwe amamukonda, maukwati a amuna kapena akazi okhaokha analoledwa mu 2006, koma ophunzira amadandaulabe za zomwe zimachitika mmahositelo usiku. Ndipo pa nkhani ya mtundu, ophunzira a University of Cape Town anachita kuguba mu 2015 kuti chiboliboli cha Cecil Rhodes chichotsedwe, chinachotsedwa pa 9 April, patatha zaka zoposa 20 geti litatsegukira aliyense, chifukwa kulowa anali atalowa koma maphunziro, zithunzi za pakhoma ndi nkhope za mapulofesa zinkawauzabe kuti ndinu alendo.

Nde inu amene mukusankha sukulu, kapena mukusankhira mwana wanu, kapena muli mkomiti yogawa kandalama kochepa komwe kalipo, ine ndikanayamba ndi magulu owerengera ndi alangizi, kenako thumba la ndalama zadzidzidzi ndi malo ogona pa holide, kenako timalamulo ta chinsinsi ndi maina tija, ofesi yapadera pomwe malamulo a dziko akulola, ndipo pageti ndikanasankha njira yoyang'ana komwe munthu wachokera pokhapokha ngati mpata pakati pa mitundu ndi waukulu kwambiri moti popanda kota sudzatsekeka. Mukamafufuza musafunse kuti analowa angati, funsani kuti mwa omwe analowa zaka zinayi zapitazo amaliza angati, ndipo awagawe motengera magulu. Lembani imelo ku ofesi ya ophunzira mufunse funso limodzi lokha, kuti wophunzira yemwe sangathe kupita kwawo pa holide amagona kuti, muone ngati akuyankhani ndi dzina la munthu ndi nambala ya chipinda kapena akutumizirani linki ya ndondomeko. Mukatero pezani wophunzira wa chaka chachitatu, osati yemwe sukulu yakusankhirani, mumufunse kuti zinthu zitamuvuta pakati pa usiku anaimbira ndani.